Dokotala Akakhala Chete, Amalankhula Ndani?

Mawu amene mtolankhani wathu analankhula kwa ogwira ntchito za chipatala, mafumu ndi akuluakulu a mipingo pa Goliati, m'boma la Thyolo.

 

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine za mankhwala sindizidziwa. Kuyunivesite ndinakhalako zaka ziwiri zokha, fizi itavuta ndinanyamula chikwama changa n'kubwerera, ndipo chimene ndinatola panjira ndi cholembera ndi kabuku. Mayi anga anathyola tiyi m'maesiteti a kuno mpaka msana unakana, choncho mzere wa pa dispensale ndimaudziwa ngati mwana woperekeza wodwala, osati ngati munthu wophunzira. Mwandipempha kuti ndilankhule za m'mene madokotala ndi mabungwe awo angakhalire ndi ife atolankhani. Ndikamati madokotala ndikunena monga amanenera anthu akumudzi: aliyense wovala zoyera amene amagwira wodwala, kaya ndi clinical officer, kaya ndi medical assistant, kaya ndi namwino. Mmodzi wa inu wandiuza kale panja paja kuti mtolankhani ndi ntchentche, imangotera pa chilonda. Sindinamutsutse. Koma tiyeni tiyambe taona zimene zimachitika mwini chilonda ndi wochiritsa akangokhala duu.

Sitipita kutali. Kufupi ndi pano pali Ndata, pamene anagona malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno. Lachinayi pa 5 Epulo 2012, m'sabata ya Pasaka, Pulezidenti anagwa ku nyumba ya boma ku Lilongwe mtima utaima, ndipo anathamangira naye ku chipatala cha Kamuzu Central. Ine ndinali ndi zaka 14, ndipo ndikukumbukira akuluakulu atazungulira wailesi pa khonde la sitolo mpaka usiku, wina aliyense akunena zake. Boma linati bwana akudwala, apita nawo ku South Africa. Pofika Lachisanu mawailesi akunja anali akulengeza kale kuti Pulezidenti wa Malawi wamwalira, ndipo ankati amva kwa a chipatala ndi kwa nduna zimene sizinafune kutchulidwa maina. Usiku wa Lachisanu lomwelo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa MBC, osati kudzatiuza m'mene wodwala akupezera, koma kudzanena kuti mayi Joyce Banda sangatenge mpando. Boma linavomera za imfayo Loweruka pa 7 Epulo, tsiku lomwe mayi Banda analumbira. Bungwe lofufuza limene anatsogolera a Justice Elton Singini litatulutsa lipoti lake mu Malichi 2013, linatsimikiza kuti Bingu anamwalira pa 5 Epulo pomwepo, ku Malawi konkuno. Ndege ija inanyamula mtembo.

Sindinabwere kudzatokosa chilonda, pakuti ndikudziwa kuti pano maliro aja anali a pakhomo. Chimene ndikufuna muone n'chakuti kwa masiku awiri athunthu, anthu amene ankadziwa zoona anali ovala zoyera, koma amene ankalankhula anali ovala masuti. Ndipo madokotala aja sindikuwaloza chala. Munthu uli m'chipinda, pakhomo paima asilikali, m'khonde mwadzaza nduna, ungatuluke n'kukaitana atolankhani? Uli ndi ana a sukulu, ndipo kalata yokusamutsa kapena yokuchotsa ntchito silembedwa masiku awiri. Apa ndi pamene pali ntchito ya bungwe. Dokotala mmodzi mukhoza kumutumiza ku Chitipa kapena ku Nsanje mawa lomwe, koma bungwe la madokotala simungalikweze lole. Bungwe likhoza kunena poyera, nthawi ya mtendere mavuto asanagwe, kuti mtsogoleri wa dziko akadwala kapena akamwalira, chikalata chouza mtundu chizisainidwa ndi madokotala amene amugwira, ndipo dokotala asakakamizidwe kusaina tsiku kapena malo abodza.

Wina anganene kuti nanga chinsinsi cha wodwala? Funso labwino, ndipo ndibwererako. Dzina la nthenda ya Pulezidenti likhoza kukhala la iye ndi banja lake. Koma zoti ali moyo kapena wafa si chinsinsi cha banja, chifukwa malamulo oyendetsera dziko lino amati mpando ukakhala wopanda munthu, wachiwiri kwa Pulezidenti ndiye amatenga. Bodza la pa bedi la m'chipatala linatsala pang'ono kugwetsa Konsitityushoni.

Anzathu a ku Zambia anaona mbali ina ya vuto lomweli, ndipo uku wolakwa anali wa ntchito yanga. Mu 2008 Pulezidenti Levy Mwanawasa atadwala sitiroko ku Egypt n'kupita naye ku Paris, wailesi ina ya ku South Africa inalengeza kumayambiriro kwa Julayi kuti wamwalira, mpaka Pulezidenti Thabo Mbeki anapempha anthu kuti akhale chete pomukumbukira. Munthuyo anali moyo, ndipo anamwalira pa 19 Ogasiti. Choncho ife tikhoza kuika munthu m'manda ali moyo, monganso andale akhoza kumuyendetsa atafa. Mankhwala a matenda awiri onsewa ndi amodzi: mawu a dokotala, otuluka pa nthawi yake, tsiku ndi tsiku.

Chete ameneyu sitinabadwe naye, anachita kutiphunzitsa. Achikulire muli pano mukudziwa bwino kuposa ine. Kwa zaka 30 dziko lino linalamulidwa ndi dokotala, Kamuzu Banda, komabe nkhani za umoyo zinali m'gulu la zinthu zonong'onezana. Wailesi inali imodzi, Daily Times ndi Malawi News zinali za mwini dziko, ndipo kuyambira 1968 kunali lamulo la Censorship loyang'anira zimene munthu angawerenge. Wodwala Edzi woyamba anatsimikizika m'dziko muno mu 1985. M'zaka zimene kachirombo kankafalikira mwakachetechete, dokotala amene ankaona mabedi akudzaza analibe kokanena, ndipo mtolankhani analibe polemba. Anthu anangoipatsa nthendayo maina awo: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Pamaliro mwambo unali woti malemu adwala nthawi yaitali, basi. Pamene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, ina mwa nkhani zimene anakhudza inali ya kuthithikana ndi kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala. Taganizani, zimene namwino aliyense ankaziona ndi maso zinachita kudikira ansembe kuti aziwerenge pa guwa.

Ndiye chete atatalika chonchi, mpata umene watsala amalowamo ndi ena. Mu 1995, chaka chimodzi chokha chipitireni chisankho cha matipate, a Billy Goodson Chisupe a ku Machinga ananena kuti alota mankhwala a Edzi. Mchape uja. Malole, mabasi ndi magalimoto a maofesi anakhamukira kumeneko, ndipo ofufuza amati anthu amene anakamwa anafika pafupifupi 300,000 m'miyezi yochepa. Manyuzipepala atsopano a nthawi imeneyo, aludzu la ufulu ndiponso aludzu la makobili, anagulitsa bwino ndi nkhaniyo. A chipatala anati mankhwalawo sanayesedwe, zomwe zinali zoona. Koma munthu amene m'bale wake akutha ngati kandulo, kuchipatala akungomuuza kuti kabwerereni kunyumba, mukamuuza kuti "sanayesedwe" amamva ngati mukumutsekera chitseko chotsiriza.

Thyolo yemweyu anaonetsa dziko njira ina. Bungwe la MSF linayamba kugwira ntchito m'boma lino mu 1997, ma ARV anayamba kuperekedwa kuno mu 2003, ndipo boma linayamba kuwapereka ulere m'dziko lonse mu 2004. M'chaka chomwecho cha 2004 Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi. Anthu amene tinkawawerengera masiku anabwerera kumunda. Mankhwala ndiwo anachiza, inde, koma chimene chinawatulutsa anthu m'nyumba kupita kukayezetsa chinali kulankhula: anamwino pa misonkhano ya mafumu, alangizi pa zitsime, odwala enieni pa wailesi akunena okha kuti ine ndinali pafupi kufa. Ena mwa amene munagwira ntchito imeneyo ndikukuonani pano.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imatichititsa manyazi tonse a chigawo chino, ya anamapopa. Inabuka kumapeto kwa 2002, m'chaka cha njala, anthu akunena kuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha azungu. Mu Januwale 2003 apolisi anamanga mtolankhani wa wailesi ya MIJ, a Maganizo Mazeze, chifukwa choulutsa mawu a bambo wina wa kuno ku Thyolo amene ankati anapopedwa magazi. Kaya mtolankhaniyo anachita bwino kapena ayi kuulutsa mawuwo, tikhoza kukambirana mpaka dzuwa kulowa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumanga mtolankhani sikunaphe mphekeserayo. Inangogona m'tchire, n'kudzadzuka mu Seputembala 2017, ku Mulanje, ku Phalombe, kuno ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka m'makwalala a Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi anzawo. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Midzi inagona panja, anyamata anatchinga misewu ndi mitengo, ndipo inu a chipatala munayamba kuopa kuyenda ndi chida chomvera kugunda kwa mtima, kuopa kuti wina anganene kuti ndi chopopera. Ambulansi, galimoto yopulumutsa mayi woyembekezera, inasanduka chinthu chogendedwa.

Bungwe la Society of Medical Doctors linalankhula mu Okutobala chaka chimenecho. Linati palibe umboni wa chipatala woti munthu wina aliyense anapopedwa magazi, ndipo linatcha zimene zinkachitikazo ndi mawu a Chingerezi akuti mass hysteria. Ndikuliyamika bungweli chifukwa linaima pa zoona pamene ena, ngakhale ophunzira, ankazengereza. Koma ndili ndi madandaulo awiri, ndipo ndiwanena ngati mwana wa pakhomo. Loyamba, mawuwo anafika maliro atachitika kale. Lachiwiri, mass hysteria mungaimasulire bwanji kwa gogo wa kumudzi osamunyoza? Iye wadzuka usiku, wamva fungo lachilendo, thupi lalemera, m'mawa wapeza magazi pamphuno. Mukamuuza kuti ndi za m'mutu, amamva kuti mukumunena wamisala, ndipo amapita kwa amene akumukhulupirira, amene ali ndi chibonga m'manja.

Chimene ndinkafuna kumva pa wailesi masiku amenewo, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, sabata yoyamba yomweyo, chinali dokotala wofotokoza zinthu zimene inu mumaziona ngati zazing'ono. Kuti magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa, pokhapokha alowe m'thumba lokhala ndi mankhwala oletsa kuundana. Kuti a Malawi Blood Transfusion Service akamatenga magazi kwa munthu wopereka mwaufulu, amalowetsa singano yaikulu mu mtsempha wa pamkono, amatenga pafupifupi theka la lita, ndipo thumbalo liyenera kusungidwa m'firiji, apo ayi n'lotaya. Kuti palibe paipi yoboola denga kapena mankhwala opopera pawindo amene angakoke magazi a munthu ali gone. Kuti pali vuto lodziwika bwino limene munthu amadzuka m'maganizo thupi likadali m'tulo, n'kumamva ngati wina wamukhalira pachifuwa, ndipo mantha ndi kusagona zimalikulitsa. Kuti kufooka ndi chizungulire zikhoza kukhala malungo kapena kuchepa kwa magazi kobwera ndi njala, ndiye bwerani tikuyezeni, tikuonetseni zotsatira ndi maso anu. Zimenezi sizinyoza munthu. Zimamupatsa choti agwire. Ife atolankhani sitikanazipeka tokha, chifukwa sitizidziwa. Zinali m'mitu mwanu, ndipo ife maikolofoni anali m'manja mwathu, koma sitinakumane msanga.

Ndisamangoloza ena. Ndili ndi mlandu wanga, ndipo ndi umene unandichititsa kuvomera kubwera pano.

Chaka changa choyamba pa ntchitoyi, bambo wina anandiimbira foni akulira. Mwana wa mchemwali wake wamwalira pa kachipatala kena ka m'dera la tiyi, ndipo iye ankati mwanayo anafa atangobayidwa jakisoni wolakwika. Ndinaimbira dokotala wa pamenepo. Anandiyankha mwaulemu kuti saloledwa kulankhula ndi atolankhani, ndifunse kwa mneneri. Mneneri foni yake inali yozima. Ndinayesa kanayi. Mkonzi anali akufuna nkhani pofika 4 koloko. Ndinalemba zimene ndinali nazo, n'kuika kumapeto kamzere kathu kaja kakuti a chipatala sanapezeke kuti ayankhepo, ndipo mutu wa nkhani unatuluka wonenepa. Patapita masiku ndinamva zoona zake. Mwanayo anali ndi malungo aakulu, amene anafika ku ubongo. Anafika naye pa chipatala tsiku lachitatu, atakomoka kale, chifukwa ndalama ya kabaza inasowa. Jakisoni uja anali woyenera, ndi amene amaperekedwa pa malungo otere, kungoti anachedwa. Koma pofika nthawiyo nyumba ya dokotala inali itagendedwa, iye atathawitsa banja lake usiku, ndipo kwa milungu ingapo amayi ena ankabisa ana otentha thupi m'nyumba poopa jakisoni. Tinakonza nkhaniyo ndi timizere tinayi m'kati mwa nyuzipepala. Amene anagenda sanawerenge timizereto.

Wolakwa woyamba ndine. Ndikanadikira tsiku limodzi, dziko silikanatha. Ndikanafunsa dokotala wina aliyense kuti kodi mwana wokomoka ndi malungo mumamupatsa chiyani, ndikanadziwa kuti nkhani yanga ili ndi bowo. Nkhani yeniyeni, yoti mayi wothyola tiyi analephera kupeza ya kabaza kwa masiku atatu, ndinaiphonya, chonsecho ndiyo inali yofunika kuti akuluakulu aimve.

Koma adokotala, nanunso ndikupempheni. Mnzanu uja akanatha kundipulumutsa, n'kudzipulumutsa yekha, osaulula chinsinsi cha wina aliyense. Akanangoti: "Za wodwala uyu sindinganene popanda chilolezo cha banja. Koma usalembe kuti jakisoni ndiye wapha, chifukwa sunadziwe. Dikira mpaka mawa 10 koloko, ndilankhule ndi akuluakulu anga. Pakadali pano ndikhoza kukufotokozera m'mene timathandizira ana obwera atakomoka." Mawu amenewo alibe dzina la munthu, alibe zotsatira za kuyeza, koma akanaimitsa cholembera changa. Mawu akuti "sindiloledwa" kwa inu ndi kumvera lamulo la ntchito. Kwa owerenga amamveka ngati munthu wobisa kanthu.

Ndikudziwa kuti lamulo loti nkhani zizidutsa kwa mneneri si inu munaliika, ndipo lili ndi chifukwa chake. Kwa inu a m'zipatala za maesiteti n'zovutirapo, pakuti amene amakulipirani ndi yemwenso walemba ntchito wodwala wanu, ndipo mtolankhani akafunsa za munthu wovulala m'fakitale kapena wopsa ndi mankhwala opopera m'munda, mumakhala pakati pa miyala iwiri. Apanso ndi pofunika bungwe. Society of Medical Doctors, Medical Association of Malawi, bungwe la anamwino ndi azamba la NONM, ndi mabungwe a ma clinical officer akhoza kukhala pansi ndi olemba ntchito n'kugwirizana kuti ndi ziti zimene wa pa chipatala chaching'ono angayankhe yekha, ndi ziti zoyenera kupita kumtunda, ndipo kumtundako yankho lituluke m'maola angati. Ndinene mosabisa kuti mabungwe amenewa timawamva kwambiri pakakhala nkhani ya malipiro. Mu Epulo 2020 ogwira ntchito za chipatala atanyanyala pofuna zovala zodzitetezera ku Covid-19 ndi ndalama ya chiopsezo, analankhula momveka, ndipo anali ndi chifukwa. Koma anthu akazolowera kukumvani pokhapokha mukufuna kanthu, tsiku limene mudzawauze za katemera adzafunsa kuti mwadyapo zingati.

Nthawi ya Covid-19 yomweyo inatiphunzitsa zabwino. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo kwa miyezi yambiri komiti ya Pulezidenti, imene mmodzi wa apampando ake anali Dr John Phuka, inkatulutsa chiwerengero tsiku ndi tsiku. Anthu ankakangana nacho, ena ankati n'chabodza, koma chinalipo, ndipo mtolankhani anali ndi poyambira. Mu Meyi 2021 unduna wa zaumoyo unatentha poyera, atolankhani akuona, katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 amene masiku ake anali atatha. Kunali kuvomera pamaso pa dziko kuti katemera waonongeka, chinthu chimene boma lililonse limafuna kubisa. Koma chinatseka pakamwa aja ankati akutibaya wotha ntchito.

Ndibwerere ku chinsinsi cha wodwala, monga ndinalonjezera, chifukwa apa ndikufuna mutikanize, ndipo mutikanize mwamphamvu. Gawo 36 la Konsitityushoni limatipatsa ufulu wofalitsa nkhani, gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Chiwerengero cha amayi omwalira pobereka, mankhwala amene asowa m'famase, masiku amene ambulansi yakhala yopanda mafuta, zimenezo ndi za anthu, ndipo mukatibisira tidzazifuna mwa lamulo. Koma gawo 21 la Konsitityushoni yomweyo limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a wina popanda chilolezo chake. Dzina la wodwala, nkhope yake, buku lake la kuchipatala, si zathu. Mtolankhani akalowa m'wodi ndi kamera, muthamangitseni, ngakhale ndine. Ndipo masiku ano wojambula woopsa si ife ayi, ndi foni ya wogwira ntchito mnzanu amene amajambula wovulala pa ngozi n'kutumiza pa WhatsApp, mayi wake n'kumva za imfa ya mwana kudzera pa chithunzi. Limenelo ndi la Medical Council of Malawi ndi la Nurses and Midwives Council, lisamathere pa kudzudzulana m'khonde.

Pali nkhani ya ku Lusaka imene ndimaiganizira kawirikawiri. Mu 2009, a chipatala ali pa sitiraka, mayi wina anaberekera panja pa University Teaching Hospital ndipo mwana anamwalira. Zithunzi zinafika ku nyuzipepala ya The Post. Mkonzi wa nkhani, mayi Chansa Kabwela, sanazisindikize. Anazitumiza kwa wachiwiri kwa Pulezidenti, kwa nduna ya zaumoyo ndi kwa mabungwe a amayi kuti aone zimene sitiraka ikuchita. Boma linamuimba mlandu wofalitsa zithunzi zolaula, koma khoti linamumasula mu Novembala chaka chomwecho. Iye anayesa kusunga ulemu wa mayi uja osabisa tsoka lake. Kaya anafika pati pa kuyesako, muweruze nokha, koma ndi njira yopapatiza imeneyo imene inu ndi ife tiyenera kuyendamo, ndipo ndi bwino kuyendamo tikulankhulana.

Zina ndi zazing'ono, ndingozidutsa. Mukamalankhula nafe, nenani ngati mukuuza azakhali anu, chifukwa mukatipatsa Chingerezi cha m'kalasi tidzamasulira tokha, ndipo kumasulira kwathu mukukudziwa. Mukati odwala awonjezeka, nenani kuti anali angati ndipo tsopano ndi angati. "Awirikiza kawiri" akhoza kukhala awiri amene asanduka anayi. Ngati chinthu simunachidziwe, nenani kuti tikufufuza ndipo tidzayankha Lachitatu, kenaka Lachitatulo muyankhedi. Ngati mukufuna kutiuza kanthu koma dzina lanu lisatuluke, tigwirizane musanayambe kulankhula, osati mutamaliza. Tikalemba zolakwika, imbirani mkonzi tsiku lomwelo, ndipo akakana pitani ku Media Council of Malawi. Musangotukwana m'chipinda chomwera tiyi n'kulumbira kuti simudzalankhulanso ndi mtolankhani, chifukwa wolangidwa pamenepo ndi wodwala. Ndipo chonde, kaenvelopu kaja mumatipatsa pa misonkhano, kamene timakatcha chipondamthengo, kakutiononga. Ndakalandirapo, sindinama. Mtolankhani amene wadya zanu sadzakufunsani funso lovuta, ndipo tsiku limene adzadye za wina adzakulembani inuyo.

Mvula ikayamba, nkhani ya kolera idzabweranso. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'madera ena anthu anaukira a chipatala powaganizira kuti ndiwo akufalitsa nthendayo. Mphekesera yotere imayamba ndi uthenga umodzi wa mawu pa foni, madzulo, ofesi ya mneneri itatsekedwa. Pofika m'mawa yafika m'malaini onse a pa esiteti, pa sikelo, pa chigayo ndi pa mjigo. Akuluakulu amati chetechete sautsa nyama. Ndiye pempho langa kwa inu a wapampando ndi lakuti tisanabalalike lero, chipatala chilichonse chimene chili pano chisankhe munthu mmodzi amene foni yake siizima usiku, amene akuluakulu ake amulola kunena zinthu zitatu: chimene chachitika, chimene sitinadziwe, ndi nthawi imene tidzanene zambiri. Mafumu akhale ndi nambala imeneyo, abusa ndi mashehe akhale nayo, wailesi ya m'dera ikhale nayo. Yanga ndailemba pa bolodi apo, pamodzi ndi ya mkonzi wanga, kuti ndikalakwa mukandinenere.

Dokotala uja ndinamulakwira ndinakamupeza kumene anasamukira, patatha chaka. Anandilandira, anandipatsa mpando, anamva kupepesa kwanga mpaka kumapeto. Kenaka anandifunsa ngati ndinapitako kwa mayi wa mwana uja kukamufotokozera chimene chinapha mwana wake, popeza iye sanapatsidwe mpata. Ndinali ndisanapite.

A wapampando, ndiime pano. Ndaona a Gulupu akweza dzanja kalekale, ndipo amayi a yunifolomu kumbuyoko akhala akupukusa mutu kuyambira pamene ndinatchula za mneneri. Tiyambe ndi iwowo.